Boma likapha nzika yake kunja ndi dironi, mlandu wake amazenga ndani?

Pa 30 Seputembala 2011, m'chigawo cha al-Jawf kumpoto kwa Yemen, dironi ya CIA, bungwe la ukazitape la America, inaombera mizinga nkupha Anwar al-Awlaki. Nthawi imeneyo nkhani za ma dironi ku Yemen ndi ku Pakistan zinali zozolowereka kale, koma iyiyi inali ina, chifukwa munthuyu anali nzika ya America, wobadwira ku Las Cruces ku New Mexico mu 1971, ndipo boma lake lomwe ndi limene linamuika pa mndandanda wa anthu oti aphedwe, pulezidenti Barack Obama nkuvomereza. Palibe khoti la ku America lomwe linamutsegulirapo mlandu wa zauchigawenga, palibe jaji anaonapo umboni. Pamodzi naye anafanso Samir Khan, nayenso nzika ya America, yemwe ankakonza magazini ya al-Qaeda ya pa intaneti.

Tisanapite patali tigwirizane kaye kuti al-Awlaki sanali mngelo ayi, chifukwa ambiri akamatsutsa nkhaniyi amayamba ndikumuyeretsa nde mtsutso wonse umagwera pomwepo. Anali imamu pa mzikiti wina waukulu ku Virginia, kenako anachoka ku America mu 2002, anakhalako ku Britain, nkupita ku Yemen mu 2004. Maulaliki ake a pa intaneti, m'Chingerezi chosalala bwino, anakopa achinyamata ambiri. Nidal Hasan, msilikali amene anapha anthu 13 pa kampu ya asilikali ya Fort Hood ku Texas mu Novembala 2009, ankatumizirana naye ma imelo. Umar Farouk Abdulmutallab, mnyamata wa ku Nigeria amene anafuna kuphulitsa ndege yopita ku Detroit tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho atabisa bomba mu kabudula wamkati, boma la America likuti anauza ofufuza kuti al-Awlaki ndi amene anamukonzekeretsa. Nde a boma ankati uyu sikuti akungolalikira, akukonza nawo ziwembu.

Mfundo ya oikira kumbuyo boma ndiyosavuta kuimva ndipo siyopepuka. Amati tili pa nkhondo, munthu walowa gulu la adani, pasipoti yake singakhale chishango. Pa nkhondo msilikali safunsa chitupa asanawombere. Amakumbutsanso za 1942, pomwe khoti lalikulu la America linavomereza kuti akazitape a Germany omwe anatsika pa sitima zapansi pa madzi kudzaononga zinthu aweruzidwe ndi khoti la asilikali, ndipo mmodzi mwa omwe anaphedwa, Herbert Haupt, ankadziwika ngati nzika ya America. Obama mwiniwake mu Meyi 2013 ananena kuti unzika wa munthu ngati ameneyu sungamuteteze, chimodzimodzi munthu amene wakwera pamwamba nkumaombera khamu la anthu, apolisi sangamusiye ati poti ndi nzika. Ndipo zoona, palibe munthu wanzeru amene anganene kuti wapolisi adikire chigamulo cha khoti pomwe chala cha wachiwembu chili kale pa mfuti.

Koma vuto likuyambira pa chitsanzo chomwecho. Wowombera khamu uja aliyense akumuona, zikuchitika pompano, ndipo akaphedwa mawa lake pamakhala kafukufuku, wapolisi amafunsidwa mafunso, abale atha kusuma. Al-Awlaki dzina lake linamveka m'manyuzipepala kuti lili pa mndandanda kumayambiriro kwa 2010, anaphedwa kumapeto kwa Seputembala 2011. Chaka ndi theka. Chiwopsezo chanji cha lero ndi lero chomwe chimatha chaka ndi theka? Yankho linadzaoneka mu Febuluwale 2013 pomwe a wailesi ya kanema ya NBC anapeza chikalata cha unduna wa zachilungamo. Chikalatacho chinati boma litha kupha nzika yake kunja ngati zinthu zitatu zakwanira: mkulu wina wa boma wodziwa bwino nkhaniyo watsimikiza kuti munthuyo ndi mtsogoleri mu al-Qaeda kapena gulu logwirizana nayo ndipo akupereka chiwopsezo chapafupi, kumugwira wamoyo sikungatheke, komanso kuphako kutsate malamulo a nkhondo. Zomveka bwino eti? Koma chikalata chomwecho chinapitiriza kunena kuti, kuti chiwopsezo chitchedwe chapafupi, sipakufunika umboni woonekeratu woti chiwembu chakutichakuti chichitika posachedwa. Maganizo ake ndi oti mtsogoleri wa zigawenga amakhala akukonza chiwembu nthawi zonse nde tsiku lililonse ndi lapafupi basi. Mukavomereza zimenezo ndiye kuti chotchinga choyambacho chagwa, chatsala ndi mawu a mkulu uja, yemwe dzina lake sitikulidziwa, umboni wake sitinauone.

Palinso funso loti nkhondo yake ili kuti. Malamulo a dziko lonse ali pawiri. Pomwe pali nkhondo yeniyeni, mdani utha kumupha olo akugona, bola akhale womenya nawo nkhondo. Pomwe palibe nkhondo pamagwira malamulo a ufulu wachibadwidwe, omwe amati boma lingaphe munthu pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa wina pa nthawi imeneyo. Nde chilichonse chimatsamira pa kuti Yemen mu 2011 tiyiike mbali iti. America inkadalira lamulo lomwe nyumba ya malamulo inavomereza patangopita masiku 3 chichitikireni za pa 11 Seputembala 2001, lopatsa pulezidenti mphamvu zolimbana ndi omwe anakonza chiwembu chija ndi owasunga. Phungu mmodzi yekha, Barbara Lee, ndi amene anakana, ankati tikupereka mphamvu zopanda malire. Nthambi ya al-Qaeda ya ku Yemen yomwe al-Awlaki anali nayo inakhazikitsidwa mu 2009, zaka zoposa 7 lamulolo litadutsa kale, koma maloya a boma anati ikulowa momwemo ngati gulu logwirizana nalo. Mwanjira imeneyi bwalo la nkhondo limasamuka limodzi ndi munthu, komwe waima ndi komwe kuli nkhondo.

Gawo lomwe ine limandivuta kwambiri ndi la bambo ake. A Nasser al-Awlaki, omwe anakhalapo nduna ya zaulimi ku Yemen ndipo anaphunzira ku America konko, atamva kuti mwana wawo ali pa mndandanda anachita zomwe munthu wokhulupirira malamulo amachita, anapita ku khoti ku Washington mu 2010 mothandizidwa ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu a ACLU ndi Center for Constitutional Rights. Pempho lawo kwenikweni linali loti khoti liike malire a nthawi yomwe boma lingaphe nzika yake kunja kwa bwalo la nkhondo. Mu Disembala 2010 jaji John Bates anautaya mlanduwo, ati bambo alibe mphamvu yosumira mmalo mwa mwana wamkulu, mwanayo ngati akufuna adzipereke yekha, komanso nkhani zoterezi ndi za pulezidenti ndi aphungu osati za makhoti. Koma jaji yemweyo m'chigamulo chake anafunsa funso lomwe mpaka lero silinayankhidwe bwinobwino: zikutheka bwanji kuti boma likafuna kumvetsera foni ya nzika yake yomwe ili kunja limafunika chilolezo cha jaji, koma likafuna kuipha nzika yomweyo jaji asalowererepo?

Ndipo si foni yokha. Mu 2004, pa mlandu wa Yaser Hamdi, nzika ya America yomwe inagwidwa ku Afghanistan, khoti lalikulu linagamula kuti olo boma limutche mdani, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata wotsutsa umboni pamaso pa woweruza wosakondera. Nde taonani mmene zilili: ukamugwira uli ndi ntchito, maloya, makhoti, funso loti ukamusunga kuti pomwe ndende ya Guantanamo yakuchititsa kale manyazi. Ukamupha palibe pepala lina loti usayine. Dongosolo lotere limakankhira boma lililonse, olo likhale la anthu abwino mtima, kunjira yachidule.

Malamulo oyendetsera dziko la America amati munthu asalandidwe moyo popanda ndondomeko yoyenera ya malamulo. Mu Malichi 2012 Eric Holder, yemwe anali mkulu wa zamalamulo m'boma la Obama, anayankha pa yunivesite ya Northwestern kuti ndondomeko yoyenera sikutanthauza khoti ayi, kukambirana mosamala mkati mwa boma momwemo kutha kukwanira. Sindikukayika kuti ankakambiranadi mosamala, ma miting'i ankachitika, ma fayilo ankawerengedwa. Koma woneneza, woweruza ndi wowombera onse akulandira malipiro ku ofesi imodzi ndipo bwana wawo ndi mmodzi, zili ngati timu yabwera ndi refu wake nkumati musadandaule ndi munthu wachilungamo. Chikalata chenicheni chomwe chinaloleza kuphaku, cholembedwa ndi David Barron, loya wa unduna wa zachilungamo, mu Julaye 2010, chinabisidwa mpaka Juni 2014 pomwe khoti linalamula kuti chituluke a New York Times ndi ACLU atasuma, ndipo chinatuluka malo ena atafufutidwa.

Patangotha milungu iwiri al-Awlaki ataphedwa, pa 14 Okutobala 2011, dironi ina inaombera ku Shabwah ku Yemen konko nkupha mwana wake Abdulrahman, wa zaka 16, wobadwira ku Denver. Malinga ndi abale ake, mnyamatayu anazemba pakhomo pa agogo ake ku Sanaa mbandakucha, anasiya kakalata kopepesa kuti wapita kukafuna bambo ake omwe anali asanawaone kwa nthawi yaitali, ndipo anafa ali panja akudya chakudya chamadzulo ndi anzake ndi msuweni wake. Poyamba ena m'boma, osatchula maina, anauza atolankhani kuti anali wa zaka 21, mpaka abale anatulutsa setifiketi yake yobadwira. Mu 2012 Robert Gibbs, yemwe kale anali mneneri wa Obama, atafunsidwa anangoti mnyamatayo akanakhala ndi bambo wosamala. Mu Meyi 2013 Holder analembera aphungu kuvomereza kuti nzika 4 za America zinaphedwa ndi ma dironi kuyambira 2009, al-Awlaki, Khan, Abdulrahman ndi Jude Kenan Mohammad ku Pakistan, nkuti mmodzi yekha ndi amene ankamufunadi. Ganizirani bwinobwino, pa anthu 4, atatu boma likuti silinkawafuna. Agogo aja anabwereranso ku khoti, ulendo uno kufunsa za mwana ndi mdzukulu yemwe, ndipo mu Epulo 2014 jaji Rosemary Collyer anautayanso. Asanamuphe khoti linati si nkhani yathu, atamupha khoti linati palibe chomwe tingachite.

Anthu ena amati komatu akazitape amadziwa zomwe ife sitidziwa. Nthawi zambiri nzoona. Koma mu Januwale 2015 dironi ya CIA ku Pakistan inapha Warren Weinstein wa ku America ndi Giovanni Lo Porto wa ku Italy, anthu ogwira ntchito zachifundo omwe al-Qaeda inawagwira ukapolo, pa nyumba yomwe inayang'aniridwa kwa maola mazanamazana osadziwa kuti muli iwowo. Ndipo mu Ogasiti 2021 ku Kabul asilikali a America anatsatira galimoto tsiku lonse nkupha anthu 10 a banja limodzi, 7 mwa iwo ana, poganiza kuti zigubu za madzi zinali mabomba. Izizi zinadziwika chifukwa atolankhani anali pafupi kapena omwalirawo anali azungu. Za m'mapiri a Yemen ndani amakafufuza?

Britain inatsatira mu 2015. Pa 21 Ogasiti dironi ya RAF, asilikali a ndege a Britain, inapha Reyaad Khan wa zaka 21 wa ku Cardiff pafupi ndi Raqqa ku Syria, pamodzi ndi Ruhul Amin wa ku Aberdeen, onse a ISIS. David Cameron, yemwe anali nduna yaikulu, anakanena ku nyumba ya malamulo pa 7 Seputembala kuti kunali kudziteteza, Khan amakonza ziwembu zoti zichitike ku Britain. Chomwe chinadabwitsa ambiri nchoti aphungu anali atangololeza kuphulitsa ku Iraq kokha, za Syria anadzavomereza mu Disembala chaka chomwecho. Komiti ya aphungu yoona za ukazitape inafufuza, mu lipoti lake la 2017 inavomereza kuti Khan analidi woopsa, koma inadandaula kuti boma linaikaniza kuona zikalata zofunika zomwe nduna zinagwiritsa ntchito popanga chiganizo. Ndipo kumbukirani kuti Britain inathetsa chilango chonyonga, Khan akanagwidwa ku Cardiff atapha anthu 100 sakananyongedwa. Koma mu 2017 nduna ya zachitetezo Gavin Williamson inayankhula poyera kuti chigawenga chakufa sichingavulaze Britain. Pamenepo sitikukambanso zoletsa chiwembu cha mawa, tikukamba zoti munthu asabwerenso kwawo kudzazengedwa mlandu, chilango chomwe malamulo a dzikolo analetsa chikungoperekedwera kutsidya kwa malire.

Palinso kanjira kena komwe sikakambidwa kwambiri. Mu 2010 boma la Britain, Theresa May ali nduna ya zam'dziko, linalanda unzika Bilal al-Berjawi ndi Mohamed Sakr, anyamata okulira ku London omwe ankaganiziridwa kuti ali ndi al-Shabaab. Kumayambiriro kwa 2012 onse awiri anaphedwa ndi ma dironi a America ku Somalia. Boma la Britain limakana kuti zinthu ziwirizi zinalumikizana. Kaya zinalumikizana kaya ayi, phunziro lomwe boma lina lingatengepo ndi loonekeratu, funso la nzika limatha ndi siginecha imodzi, ndipo wowombera atha kukhala mnzako.

Apa mwina wina afunsa kuti bwanji tikulira za pasipoti, moyo wa mbusa wa ku Waziristan ku Pakistan ndi wotchipa kuposa wa mwana wa ku Denver? Funso labwino ndipo lili ndi mano. Anthu masauzande omwe si nzika za America anafa ndi ma dironi omwewa popanda chikalata cha loya aliyense, ena anaphedwa maina awo osadziwika nkomwe, kungoti mayendedwe awo ankaoneka ngati a zigawenga pa kamera. Phungu Rand Paul atayankhula pafupifupi maola 13 mu Senate ya America mu Malichi 2013, nkhawa yake yaikulu inali yoti dironi ingaphe munthu wa ku America ali m'dziko la America momwemo, za ena aja sizinali patsogolo. Pa nkhani ya umunthu, pasipoti sisintha kanthu. Komabe nzika ili ndi china chake: ndi munthu yemwe boma linalumbira kumuteteza, ali ndi makhoti ake, phungu wake, malamulo olembedwa omwe amatchula ufulu wake. Ngati chitetezo chonsecho chikutha munthu akangodutsa malire nkupatsidwa dzina loti chigawenga, ndiye wopanda pasipoti uja alibiretu pogwira.

Ndipo dzina limeneli amapereka ndi boma lomwe likufuna kupha, apa ndi pomwe mbiri imatiopseza. Boma la tsankho la South Africa linkatcha a ANC zigawenga ndipo linkawatsatira kunja. Ruth First, mtolankhani wolimbana ndi tsankho, anafa pa 17 Ogasiti 1982 mu ofesi yake pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo akutsegula phukusi lomwe munali bomba, ndipo kazitape wa polisi Craig Williamson anadzavomereza yekha nkupatsidwa chikhululuko ndi komishoni yoona za choonadi ndi kuyanjana. Albie Sachs, loya wa ANC, anaduka mkono ndi bomba la m'galimoto ku Maputo konko mu 1988, munthu yemweyo anadzakhala jaji wa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lake. Asilikali a boma la tsankho lija analowa ku Matola ku Mozambique mu 1981, ku Maseru mu 1982, ku Gaborone mu 1985, chifukwa chake chimodzimodzi, tikudziteteza ku zigawenga zomwe dziko loyandikana nalo likulephera kuzigwira. Mandela mwiniwake dzina lake linachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa America mu 2008. Russia nayo mu 2006 inakhazikitsa lamulo lopatsa pulezidenti mphamvu zotumiza asilikali ndi akazitape kukalimbana ndi zigawenga kunja, ndipo izi zisanachitike nkomwe, mu 2004, khoti la ku Qatar linapeza akazitape awiri a Russia olakwa pa imfa ya mtsogoleri wakale wa Chechnya Zelimkhan Yandarbiyev ku Doha. Sindikunena kuti Obama ndi P. W. Botha, mtsogoleri wa boma la tsankho lija, ndi amodzi ayi, komanso al-Awlaki si Ruth First olo pang'ono. Ndikunena kuti mfundo yoti mkulu wa boma watsimikiza mwachinsinsi nde basi zatha ilibe posiyanitsira awiriwa, aliyense wa iwo atha kuinena mawu ndi mawu.

Njira zina zinakambidwapo. Ena anati pakhale khoti lachinsinsi loona mndandanda munthu asanaphedwe, Obama analitchulako mu 2013 koma silinakhazikitsidwe, ndipo ambiri ankaopa kuti khoti lomva mbali imodzi lingangosanduka chidindo. Ena anati azizenga mlandu mwini wake palibe, ngati mmene khoti la ku Yemen linachitira ndi al-Awlaki yemweyo nkumupatsa zaka 10. Khoti lalikulu la Israel mu Disembala 2006 silinaletse kupha kotere koma linati ngati kugwira munthu nkotheka agwidwe, ndipo pambuyo pa kupha pakhale kafukufuku woima payekha. Kwa ine chimenechi ndiye chochepetsetsa chomwe boma lingachite. Kuti nthawi zina palibe mpata wopita kwa jaji ndikuvomereza. Koma munthu atafa kale, changu chake nchiti chomwe chikulepheretsa kuika umboni pamaso pa munthu yemwe sali pansi pa amene analamula?

Za kuti kumugwira sikungatheke, palibe chitsanzo chabwino kuposa cha Muhanad Mahmoud al-Farekh, wobadwira ku Texas, yemwe analowa al-Qaeda ku Pakistan. Cha mu 2013 akuluakulu ena a CIA ndi a asilikali ankafuna kuti aikidwe pa mndandanda, a unduna wa zachilungamo anakayika, nkhani inakokedwa mpaka asilikali a Pakistan anamugwira nkumupereka. Mu 2015 anaonekera mu khoti ku Brooklyn. Oimira boma anabweretsa umboni wa zidindo za zala zake zomwe zinapezeka pa tepi yomata ya bomba lomwe silinaphulike pa chiwembu cha pa kampu ya asilikali a America ku Khost ku Afghanistan mu 2009, maloya ake anatsutsa poyera, mu 2017 anapezeka wolakwa, ndipo mu 2018 anamupatsa zaka 45.